Mwatitha ndi Chilombo Chonyambita Mabala

Kunali kale, kale lija mapiri ena asanapatsidwe mayina, panali mudzi wa Mphanje m'mphepete mwa dambo lalikulu la tsekera. Pakati pa dambolo panali dziwe la madzi akuda bii, losaphwa ngakhale chilimwe chikule chotani. Anthu ankatungamo, ng'ombe zinkamwamo, koma panali lamulo limodzi limene mwana aliyense ankalimva asanamere mano onse: munthu wa bala asayandikeko, ndipo dontho la magazi lisagwere m'madzimo.

M'mudzimo munali mayi wamasiye, Nasimango, ndi ana ake awiri. Wamkulu anali Kaduya, mnyamata wamapewa otambalala, katswiri wofolera nyumba. Denga lofolera iye, mvula inkangolisisita n'kupitirira. Wamng'ono anali mtsikana, dzina lake Mwatitha. Ali kamwana, Mwatitha anagwa mumtengo wa bwemba n'kuthyoka mwendo. Anagona pamphasa dzinja lonse mwendo utamangidwa ndi timitengo ta nsungwi, ndipo ankamva fupa likulumikizana pang'onopang'ono m'kati mwa mnofu. Mwendowo unapola koma unafupika, choncho ankatsimphina. Anzake akamapita kunkhuni ankamusiya. Pagule ankamupatsa makanda kuti alere. Palibe amene ankamuda, ankangomuiwala.

Tsiku lina Kaduya akumweta udzu kudambo, chikwakwa chinatsetsereka n'kumucheka chala cholozera. Kanali kabala kochepa, kotalika ngati njere ya mpunga. Mnzake amene ankamweta naye anati, "Manga ndi luzi tizipita, ukatsuke kumudzi."

Kaduya anaseka. "Kabala aka n'kobwerera nako kumudzi? Ngakhale ntchentche ingakanyoze."

Anawerama padziwe n'kuviika dzanja. Dontho limodzi linasungunuka m'madzi. Pompo achule onse anakhala chete, ndipo pakati pa dziwe panatuluka thovu lalikulu, ngati chinthu chogona pansi chatulutsa mpweya.

M'mawa mwake chala chinali chitatupa ngati chinangwa. Dzuwa litafika paliwombo, kudambo kunadzuka kamvuluvulu wautali kuposa mitengo, ndipo m'kati mwake munatuluka Chinyambita. Akuluakulu ankachitchula monong'ona, koma m'mudzimo munalibe wamoyo amene anali atachionapo. Chinali ndi mitu isanu pakhosi limodzi, ngati zala padzanja. Khungu lake linali losalala, lonyezimira, lopanda chipsera ngakhale chimodzi. Malilime ake ankafika pansi, akufwenkha fumbi, kutsata fungo la magazi. Chinasasula denga la Nasimango ngati munthu akuvundukula mphika, n'kumutola Kaduya.

Amuna anachithamangira ndi mikondo ndi nkhwangwa. Mlenje wina wolimba mtima anadula mutu umodzi, mutuwo n'kugubuduka pansi. Anthu asanayambe n'kukuwa komwe, pakhosipo panaphuka mutu wina, wonyowa ngati bowa wam'mawa, ukuyasamula. Kenaka chilombocho chinasankha mwa amunawo onse amene anavulala, ngakhale wongokalika ndi minga, n'kuwapanira m'khwapa. Amene analibe bala sichinawayang'ane n'komwe. Chinalowera kumapiri akumadzulo.

Mudzi unalira maliro opanda mitembo. Mwatitha anamanga kaphukusi ka mchere ndi nsalu ya makungwa, natenga ndodo yake.

"Amayi, ndikupita."

"Upita kuti ndi mwendo umenewo, mwana wanga? Amuna a mikondo abwerera."

"Iwo anapita kukamenya nkhondo. Ine ndingopita kukaona chala cha achimwene. Nditagona pamphasa paja, ndi iwo ankanditembenuza."

Nasimango anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula mkanda wake, nammanga m'khosi.

Mwatitha anayenda, nayenda, natsimphina, napuma, nayendanso. Anadutsa dambo, anadutsa thengo la masuku, analowa m'nkhalango imene mitengo yake inkagwirana manja kumwamba. M'menemo anamva kubuula kwakuya kogwedeza nthaka. Anali mtengo wa mlombwa, waukulu woti anthu khumi sangaukumbatire. Pathunthu pake panali patakanirira kankhwangwa kadzimbiri, ndipo pabalapo pankatsika madzi ofiira ngati magazi a munthu.

Mwatitha anagwada. "Pepani inu eni nkhalango. Wakuchitani zotere ndani?"

"Munthu wina wofuna mtondo," unayankha mtengowo, masamba onse akunjenjemera. "Ataona kuti ndikukha magazi anathawa, chitsulo chake n'kundisiyira. Bala silitseka chinthu chachilendo chili m'kati."

Mtsikanayo anaponda pamuzu ndi mwendo wake wabwino, nagwira mpini, nagwedeza, nagwedeza, mpaka kankhwangwa kanazuka. Mtengo unapuma mpweya wautali, mbalame zonse zinauluka m'nthambi.

"Ndikudziwa kumene ukupita," unatero mlombwa. "Koma chinsinsi cha Chinyambita sindipatsa munthu wosadziwa kudikira. Chilape."

"Nachize," anavomera mwambiwo Mwatitha.

"Ndafolera denga popanda udzu. Ukalisasula msanga, nyumba igwa. Ukalisiya, denga ligwa lokha nyumba n'kuima."

Mwatitha anayang'ana maondo ake odzala ndi zipsera za kugwa. "Imeneyo ndi nkhanambo."

"Wadziwa. Tsono imva. Chinyambita chilibe kupola kwakekwake. Chinabadwa chopanda mphatso imene ngakhale nyongolotsi ili nayo. N'chifukwa chake chimasunga anthu ovulala m'phanga mwake. Thupi la munthu limaluka mnofu watsopano iye ali m'tulo, ndipo m'mawa uliwonse chilombocho chimanyambita mabala awo n'kumeza zonse zimene thupi laluka. Iwo sapola, icho sichifa. Usalimbane ndi mitu yake. Poletsa anthu ake."

"Nanga chikabwera m'mawa n'kupeza mabala omanga?"

"Tenga chigoba cha malambe icho, utape magazi angawa. Ukamanga bala, paka pamwamba pake. Lilime la wadyera silifunsa. Chigobacho sichidzaphwa ntchito isanathe. Kankhwangwako katengenso, ine ndatopa nako."

Mwatitha anatapa utomoni wofiirawo m'chigoba, nathokoza, napitiriza ulendo. Atayamba kukwera phiri, munga wautali unamulasa pachidendene. Phanga la chilombo linkaoneka patsidya la chigwa, lakuda ngati kamwa, ndipo mtima wake unkamukoka kuti athamange. Koma anakumbukira malilime aja ofwenkha fumbi. Anakhala pansi pamtsinje, nazula mungawo wonse osasiya nsonga, natsuka ndi madzi a mchere, namanga. Anabisala m'mapanga a mbira akudya masuku, akuyang'ana kutsidya, akulira mwakachetechete poganiza kuti m'mawa uliwonse umene iye wakhala, mlongo wake akunyambitidwa. Sanasunthe mpaka kabalako kanauma.

Pa masiku amenewo ankagawana masuku ndi buluzi wina wamchira wodukira, amene ankaothera dzuwa pamwala womwewo. Mchira wa buluziyo unkamera pang'onopang'ono, wotuwa, wosafanana ndi wakale. Tsiku lonyamuka, buluzi anafundula khungu lake n'kulikankhira kwa mtsikanayo.

"Mnzanga wodikira," anatero, "ukaika ili palilime usanduka ngati ine, ndi katundu wako yemwe. Ukalavula ubwerera. Koma chinthu chikakugwira mchira, usalimbane nacho. Chisiyire. Chimene wataya n'chaching'ono kuposa chimene wapulumutsa."

Choncho kabuluzi kotsimphina kanalowa m'phanga la Chinyambita kudzera mumng'alu wa thanthwe. Mwatitha anamwaza maso m'katimo. Phangalo linali lalikulu kuposa mudzi wonse wa Mphanje. Denga lake linali kutali ngati thambo, ndipo kuwala kunkatsika m'ming'alu ngati mizati. Kumwambako kunkalendewera zisa za njuchi zazikulu ngati zitseko, zokhala zaka zosawerengeka popanda wofula. Pansi panali anthu, mizere ndi mizere, atagona pamiyala. Ena anali ovala zovala zimene Mwatitha sanazionepo. Ena anali ndi mabala a mikondo, ena a moto, ena a nyanga za njati, ena timabala tochepa ta mpeni wosendera mbatata. Mabala onsewo anali ofiira, onyowa, ngati achitika lero lomwe. Pakhomo panali chimwala chotsekera chimene njovu sizikanachisuntha.

Anadikira mpaka dzuwa litakwera, nthawi imene chilombo chinkapita kukagona m'madzi ozizira a kuchigwa. Apo analavula khungu lija. Munthu woyamba kumuona anali gogo wina wa imvi mbuu, wogona chafufumimba chifukwa msana wake wonse unali bala la moto.

"Iwe ulibe bala," gogoyo ananong'ona. "Wadzatani kuno?"

"Ndadzafuna achimwene anga. Inu ndinu yani, agogo?"

"Ndine Nachanza. Ndinapsa ndi phala ndili kamtsikana kosatha msinkhu, ndipo amayi anakanditsuka kudziwe la madzi akuda la kudambo la tsekera. Ona tsitsi langa tsopano. Bala ndi lomwe lija."

Mwatitha anamupeza Kaduya kukhoma. Mapewa aja anali atagwa. Kabala kaja kanali katadya chala chonse, dzanja litatupa mpaka pachigongono, thupi likutentha ngati mwala wapadzuwa.

"Mwatitha," anatero movutikira, "thawa. Ndinanyoza kanthu kakang'ono, taona pamene kandifikitsa."

"Zimenezo tikakambirana kumudzi, achimwene. Bweretsani dzanjalo."

Anakoleza moto, nawiritsa madzi mumphika wa chilombo, nathiramo mchere. Madzi atazizira anatsuka dzanjalo, nafinya mafinya onse, Kaduya akuluma ndodo. Fungo la mchere ndi utsi linatsitsa njuchi, zinamuzungulira mutu ngati mtambo. Mwatitha sanathawe. Anatambasula manja nati, "Inu a kumwamba, mwakhala mukuona anthuwa akuvutika. Ndithandizeni." Njuchizo zinabwerera kuzisa zawo, ndipo posakhalitsa uchi unayamba kudontha kuchokera kudenga, ulusi wautali wagolide, wolunjika m'manja mwake. Anapaka uchiwo pabala, namanga ndi nsalu ya makungwa, napaka utomoni wa mlombwa pamwamba.

Tsiku limenelo anamanga anthu ochepa. Mawa lake anaphunzitsa amene anali ndi manja abwino, iwonso anamanga anzawo. Nsalu itatha anang'amba zovala n'kuziwiritsa. Othyoka mafupa anawamanga ndi timitengo ta nkhuni za chilombo. Msana wa Nachanza anauyala ndi uchi, nauphimba mopepuka, gogoyo akulira chifukwa kanali koyamba munthu kumukhudza mwachifundo chichokereni kwawo.

M'mawa uliwonse chimwala chinkagubuduka, Chinyambita n'kulowa. Mwatitha ankakhala kabuluzi pakhoma, akuonerera malilime asanu akukwawa pa anthu, akunyambita utomoni wofiira. Chilombo chinkanyambita n'kukhuta, osadziwa kanthu. Ndipo pansi pa nsalu zija panayamba kuchitika chinthu chimene ogwidwawo anali atachiiwala. Wina anati, "Bala langa likuyabwa." Mnzake anayamba kuseka, kenaka kulira, pakuti kuyabwa ndiko kulankhula kwa mnofu umene ukubwerera. Kutentha thupi kwa Kaduya kunatsika. Dzanja linaphwa. Koma chala chija chinali chitada kale, ndipo tsiku lina chinachoka ndi nsalu. Kaduya anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Wofolera wa zala zinayi," anatero.

"Wamoyo," anayankha Mwatitha, akumanga chotsalacho.

Si onse anapola. Mkulu wina wolasidwa m'mimba, amene chilombo chinamusunga pakati pa moyo ndi imfa zaka zambiri, anagona tulo tabwino koyamba, ndipo sanadzukenso. Anamuika m'mng'alu namutseka ndi miyala.

Mwezi unafa, wina unabadwa. Chinyambita chinayamba kuyenda mouma, mfundo zake zikulira ngati nthambi pamphepo. Mitu inayamba kudandaula.

"Magazi a masiku ano akuwawa," unatero mutu wapakati, waukulu kuposa yonse.

"Akukoma ngati nkhuni," unavomera wina.

Koma panali mutu wakumapeto, waung'ono, wamaso ochenjera. Unatsika pang'onopang'ono pa Kaduya, nuluma nsalu ya padzanja lake, nuikoka. Pansi pake panalibe bala. Panali khungu latsopano, lofiirira, losalala ngati la khanda.

Kubangula kumene kunatsatira kunagwetsa zisa kudenga. Chilombo chinang'amba nsalu za anthu mmodzimmodzi, ndipo paliponse chinapeza nkhanambo zouma ndi zipsera. Msana wa Nachanza wokha unali usanatseke wonse, koma gogoyo anali atadzipanikiza m'mng'alu, msana kukhoma, kumene lilime silikanafika.

"Muli mlendo muno," unatero mutu waung'ono. Maso ake anayenda pakhoma mpaka anaima pa kabuluzi kamene mwendo wake umodzi unali waufupi.

Dzanja lalikulu linatsika. Mwatitha anathawa, koma zikhadabo zinamugwira mchira. Anakumbukira mawu a mnzake uja, nadzikoka ndi mphamvu. Mchira unaduka. Anagwa pansi, khungu la buluzi linatuluka m'kamwa, ndipo anakhalanso mtsikana, kankhwangwa kali m'chiuno, kachala kakang'ono ka kuphazi kataduka, magazi akutuluka.

Mitu isanu inanunkhiza pamodzi. Bala latsopano, magazi enieni. Dontho limodzi likanabwezera chilombocho mphamvu zake zonse. Malilime anathamanga pansi ngati njoka.

Kaduya anadziponya paphazi la mlongo wake, nalifumbata ndi dzanja lake la zala zinayi, nalipanikiza pamimba pake kuti dontho lisagwe. Ndipo anthu aja, amene zaka zonsezi anali chigonere, anaimirira. Anaimirira a zipsera za mikondo, anaimirira a miyendo yomanga timitengo, anaimirira a timabala ta mpeni, nazungulira awiriwo ngati mpanda. Malilime anagunda miyendo yawo n'kusowa polowera. Limodzi lokha, la mutu waung'ono uja, linapeza mpata pakati pa akakolo n'kulowa.

Mwatitha analitema ndi kankhwangwa. Sanalidule, mphamvu zinali zitamuthera. Anangolicheka kunsonga, kabala kochepa.

Chinyambita chinabweza lilimelo n'kuseka ndi mitu yonse. Chinaimirira chikudikira kuti balalo litseke, monga linkachitira nthawi zonse. Dontho linagwa. Linagwa lina. Kenaka magazi anayamba kutsika ngati madzi a pansonga ya denga, ofiira, onata, onunkha nkhalango.

Kuseka kunatha. Mutu waung'ono unayang'ana magaziwo modabwa, pakuti sunaonepo magazi akeake akuyenda.

"Iwe mtsikana," unatero ndi mawu a kamwana, "zimenezi zimaleka bwanji?"

"Zimaleka zokha," anayankha Mwatitha, "m'thupi limene silinabe za eni."

Chilombo chinakankha chimwala chapakhomo n'kuthawira kuchigwa, kufuna madzi. Sichinafike. Mapazi ake anamira m'nthaka n'kuphuka mizu. Khungu losalala lija linang'ambika n'kukhala makungwa. Makosi anatambasuka kumwamba, akuuma, akupindika, mpaka pamene panali Chinyambita panaima chimtengo chakufa cha nthambi zisanu, chopanda tsamba, mphepo ikulira m'mapanga a m'kamwa mwake. Anthu anatuluka m'phanga akuphimba maso chifukwa cha dzuwa, naima mozungulira chimtengocho. Kenaka anaunjika udzu patsinde pake n'kuyatsa. Chinayaka mpaka phulusa, ndipo utsi wake unaoneka ku Mphanje.

Ulendo wobwerera unali wautali, chifukwa palibe amene anafuna kusiya mnzake m'mbuyo. Miyendo imene inagona zaka inayenera kuphunziranso kuponda. Ankayenda pang'ono, n'kukhala, n'kutsuka mabala, n'kumanganso. Mwatitha anamunyamula pamachira a nsungwi, amuna akusinthana, ndipo mlenje uja amene anadula mutu wa chilombo, yemwenso anali mmodzi wa ogwidwa, anapempha yekha kuti anyamule kutsogolo.

Atafika, Nasimango anathamanga mpaka anagwa, nadzuka, nathamanganso. Anagwira nkhope ya Kaduya, anagwira ya Mwatitha, anawerenga zala za onse awiri, nalira pa zosowazo, nasekanso pa zotsalazo. Ng'oma zinalira mpaka m'midzi ya kutsidya. Anthu anamumangira Mwatitha nyumba pamphambano, kuti aliyense wovulala, wa bala lalikulu kapena laling'ono, azifikira pomwepo. Anafolera nyumbayo ndi Kaduya. Mtolo woyamba unamupulumuka m'manja, wachiwirinso, ndipo anakhala padenga akuyang'ana dzanja lake, misozi ili m'maso. Koma pofika nthawi ya mvula zoyamba zala zinayi zija zinali zitaphunzira ntchito ya zisanu, ndipo dengalo silinadonthe.

Ogwidwa ena anapita kwawo. Nachanza anafunsa za mudzi wake, koma panalibe woukumbuka, choncho anakhala ndi Mwatitha. Msana wake ndiwo unachedwa kuposa mabala onse. Unatseka m'mphepete, nutsegukanso, nutsekanso, ndipo unatha kupola chimanga chitacha. Chipsera chake chinali chokakala, chokoka khungu, moti gogoyo sankatha kuweramuka bwino.

Tsiku lina mayi wina wachitsikana anabwera kunyumba ya pamphambano atadzicheka ndi khasu, mwana ali kumsana. Mwatitha pofuna kutsuka balalo, mayiyo anamasula mwana, nayang'ana uku ndi uku, naona Nachanza atakhala pakhonde.

"Agogo, tandiberekerani mwanayu pang'ono."

Nachanza anadziloza pachifuwa. "Ine? Msana uwu sunaberekepo munthu."

"Ndiye uyambe lero," anatero mayiyo, namuika mwanayo pachipsera paja, namanga nsalu.

Gogoyo anaimirira pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo, akuopa ngakhale kupuma. Mwana anatsamira tsaya lake pamsanapo, nayasamula, nagona. Nachanza anayenda naye pabwalo, kupita ndi kubwera, akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo kamene sanadziwe kuti akukakumbukira. Bala la mayi uja linamangidwa kale, koma palibe amene anamuitana gogoyo kuti abweze mwana.

Nthano yanga yafika pamphambano, ndaitula pomwepa.